Mayi Ndilipo Asaka Mlendo Wolemekezeka

Khonsolo ya tauni itagwirizana zolemekeza Mayi Ndilipo mowadzidzimutsa, apampando anaitana a Makiyi, wosamalira holo, n'kuwalangiza motere: mayiwo akafika m'mawa kudzasesa, monga amachitira pa msonkhano uliwonse ngakhale asanaitanidwe, asagwire ntchito, asatuluke, ndipo dzina la mlendo wolemekezeka lisamveke pakamwa pa a Makiyi. Tsoka lake, a Makiyi anali munthu wosatha bodza. Lamulo ankalitsata monga lanenedwera, funso ankaliyankha monga lafunsidwira.

Mayiwo dzina loti Ndilipo analitengera pa khalidwe lawo. Wina akangoyamba kuti, "Kodi ndani angathandize..." dzanja lawo linali litakwera kale. M'mawa umenewo analowera khomo lakumbuyo, manja a diresi atapinda kale, ndipo a Makiyi anakhoma khomolo mwakachetechete iwo atangodutsa.

"A Makiyi, mwadzuka bwanji? Tsache lili kuti?"

"Ndadzuka bwino, mayi. Tsache lili m'chipinda chosungiramo katundu."

"Kalitengeni."

"Ayi."

Mayi Ndilipo anatembenuka pang'onopang'ono. "Mwati chiyani?"

"Ndati ayi, mayi. Lero simugwira ntchito."

"Watero ndani?"

"Apampando."

"Aaa! Apampando ati? Aja ndinkawawolotsa msewu wa kusukulu chimfine chili mbwee mpaka pachibwano?"

"Omwewo. Koma chimfinecho chinasiya."

Mayiwo anapukusa mutu, nagwira mpando umene unapatuka pamzere kuti auwongole. A Makiyi anathamanga n'kukhalapo. Mayiwo anagwira wina. A Makiyi anadzuka n'kukhala pamenepo.

"Kodi mukhala pamipando yonse ya muholo muno?"

"Umodziumodzi, mayi. Musamafulumire kwambiri, bondo langali si labwino."

Pansi panali kapepala ka switi. Mayiwo anawerama n'kukatola.

"Iii, mayi! Kutola zinyalala ndi ntchito. Kabwezereni pomwe kanali."

"Ndikabwezere pansi?"

"Chonde."

"Nanga kubwezako si ntchito?"

A Makiyi anakanda pamutu. Funso limeneli apampando sanalifotokoze. "Ingotambasulani dzanja. Kakagwa kokha, palibe wagwira ntchito."

Mayi Ndilipo anakaika kapepalako m'thumba, maso ali pa a Makiyi. "Ndadziwa. Mwaona kuti ndakalamba. Mwapeza atsikana a zikhadabo zopenta oti azisesa muno."

"Ayi, ndasesa ndekha."

"Zikuoneka. Taonani pakona apo." Anayenda kupita kutsogolo, kumene kunali mpando waukulu wa ndalema woyalidwa nsalu yoyera, maluwa ali mbali ndi mbali. "Nanga ichi? Kukubwera nduna?"

"Ayi. Kukubwera mlendo wolemekezeka."

"Mwamuna?"

"Mayi."

"Wochokera kuti?"

"Wa m'tauni mommuno. Akulemekezedwa chifukwa chogwirira ntchito tauni ino moyo wawo wonse osalandira kanthu."

Mayi Ndilipo anamwetulira kumwetulira kouma, konga kwa munthu amene wapondedwa chala pamaso pa apongozi.

"Oo. Zabwino zimenezo. Dzina lake ndani?"

"Dzina lokhalo sindinganene."

"Ndi mkazi wa mwini sitolo ya mankhwala uja? Uja amabwera ntchito itatha, n'kugwira fosholo kuti amujambule?"

"Si iwowo."

"Aphunzitsi aakulu opuma aja?"

"Ayi."

"Nanga wachita chiyani ameneyo choti mpaka maluwa?"

A Makiyi anapuma bwino. Za ntchito za mlendoyo sanaletsedwe kunena. "Zambiri, mayi. Mitengo yonse ya mumsewu wa kuchipatala anadzala ndi iwowo."

"Chiyani?"

"Ankaithiriranso madzi ndi ndowa, nthawi ya chilala."

"A Makiyi, mitengo imeneyo ndinadzala ndine! Msana uwu unapindikira pamenepo!"

"Zoona."

"Ndiye mukuti anadzala ndi mlendo wanuyo?"

"Zoonanso."

"Asa! Anadzala usiku ine nditagona?"

"Ayi, masana. Nthawi yomweyo munkadzala inuyo."

"Bodza! Ndikanamuona."

"N'kovuta kuwaona bwinobwino inuyo, mayi. Makamaka kumsana."

Mayiwo anagwira m'chiuno. "Chinanso chiyani chimene wachita mkolola-posalimayu?"

"Anavutitsa khonsolo mpaka inamanga zimbudzi pamsika. Akuti ankafika ku ofesi m'mawa uliwonse, n'kukhala pabenchi akuluka juzi, mpaka akalaliki anayamba kulowera pawindo."

"Ndine ameneyo! Juzi imeneyo mpaka pano amavala bambo akunyumba!"

"Ndinaiona. Dzanja limodzi ndi lalitali."

"Zimenezo si zanu. Chinanso?"

"Amasambitsa odwala opanda abale kuchipatala. Anatsegula kalaibulale ka ana m'galaja. Dzenje lija la pamphambano, limene linkameza njinga, analikwirira ndi njerwa zawo zomwe."

"Abale inu! Ndiye mfiti imeneyi yandibera moyo wonse! Yatsala ndi chiyani, nsapato zangazi?"

A Makiyi anayang'ana kumapazi kwa mayiwo. "Nsapato zawo ndi zotero ndithu."

"Zoterozi?"

"Chidendene cha kumanzere chodyeka chimodzimodzi."

Mayi Ndilipo anayandikira, natsitsa mawu. "Tamverani, a Makiyi. Inu ndi ine tadziwana kalekale. Dzina lisiyeni. Ingondiuzani kumene amakhala."

A Makiyi anaganiza. Apampando anati dzina. Za nyumba sananene. "Mumsewu wanu womwe uja."

"Mumsewu wanga? Nyumba iti? Ya makaniko?"

"Ayi. Ya chitseko chobiriwira, ya mpanda wa maluwa."

"Imeneyo ndi nyumba yanga!"

"Eya."

"Amalowa m'nyumba mwanga?"

"Tsiku ndi tsiku."

"Ine ndikachokapo, eti? Ine ndili kalikiliki kusambitsa odwala, iye n'kumalowa?"

"Ayi, mayi. Inu mukachoka, nawonso amachoka. Mukalowa, alowa."

"Mayo ine, amachita kunditsata! Nanga amagona pati?"

"Kuchipinda kwanu sindinalowemo. Koma ndikuganiza kuti pabedi."

Mayiwo anagwira mpando kuti asagwe. A Makiyi anafuna kukhalapo, koma anaona kuti uku sikunali kugwira ntchito.

"A Makiyi, ndiyankheni ngati munthu wopemphera. Bambo akunyumba akumudziwa mkazi ameneyu?"

"Kwambiri. Ndiwo anabweretsa chithunzi chake ku khonsolo."

"Chithunzi! Anachitenga kuti?"

"Amayenda nacho m'kachikwama ka m'thumba. Ndi cha kale, mayiwo akadali mtsikana. Pochitulutsa anachipukuta ndi malaya, n'kunena kuti, 'Musachipinde, mtima wanga uli pamenepa.'"

"Anatero? Nkhalamba ija? Ija imalephera kupeza magalasi ali pamphuno?"

"Misozi inalengeza m'maso."

"Kwa ine mawu otere anasiya kunena tsitsi lidakali pamutu! Zayamba liti zimenezi?"

"Kale kwambiri. Ana awo ndi akuluakulu tsopano."

"Ana! Pali ana?"

"Alipo. Ndi zidzukulu zomwe."

"Anabereka ndi ndani?"

"Ndi abambo akwanu."

Mayi Ndilipo anakuwa mpaka nkhunda za padenga zinauluka. Anamanga duku mwamphamvu, nalunjika kukhomo lakumbuyo. Linali lokhoma. Anathamangira lakutsogolo. Nalonso gwa.

"Tsegulani!"

"Ayi, mayi. Anati musatuluke."

"Ndikufuna ndikangomufunsa kafunso kamodzi bambo uja. Kamodzi kokha. Ndi chikuni."

"Abwera konkuno. Akhala kutsogolo, pafupi ndi mlendo wolemekezeka. Akuti awagwira dzanja powakweza pansanja."

"Pamaso pa tauni yonse?"

"Ndi ojambula omwe."

"Ndiye ine ndikhale pati? Ndiziwomba m'manja?"

"Ayi, inu simuyenera kuwomba m'manja. Sizioneka bwino."

"Patseni makiyiwo!"

A Makiyi anakweza mulu wa makiyi pamwamba pa mutu. Mayiwo analumpha, koma anali aafupi. Anakoka mpando kuti akwerepo. A Makiyi anakhalapo. Mayiwo anawatsina m'nthiti. A Makiyi anaseka mosafuna, naponya makiyi m'malaya mwawo, n'kumanga batani la pakhosi.

"Mukafuna kuwatenga mmenemo, mayi, anthu atinena."

Mayi Ndilipo anayang'ana windo. Linali ndi zitsulo zotchingira akuba.

"Ndani anaika zitsulo zopusazi?"

"Mlendo wolemekezeka. Anayenda khomo ndi khomo kupempha akuwotcherera."

"Ndine ndinayenda! Iii, koma mkazi ameneyu ndikangomugwira! Afika nthawi yanji?"

"Afika kale."

"Ali kuti?"

"Muholo muno."

Mayiwo anaima chilili, maso ali mwazumwazu. Kenako anavula nsapato imodzi n'kuigwira ngati nyundo, nayamba kuyenda monyang'ama, phazi lina kwapu, lina gwa.

"Tuluka, mwana wa mnzanga! Sindikupweteka ayi. Ndikungofuna ndione nkhope."

Anakoka katani ya pansanja. Kunali makwerero ndi ng'oma yobooka. Anasuzumira pansi pa tebulo. Analowa kuchimbudzi cha amayi, natsegula zitseko zonse ndi phazi, nabwerako akupuma wefuwefu.

"Kulibe!"

"Panopa kulibedi. Koma nthawi imene munalowa ija analiko."

"Anali kuchimbudzi?"

"Eya."

"Ndiye watuluka liti?"

"Mwatulukira limodzi."

Mayi Ndilipo anatembenuka msangamsanga ngati galu wothamangitsa mchira wake. Anatembenukanso mbali ina. Nsapato inawapulumuka m'manja n'kukagwetsa maluwa.

"A Makiyi, kodi ndi munthu kapena mzukwa?"

"Ndi munthu. Wamoyo kwambiri. Mwina mopitirira."

"Wavala chiyani?"

"Diresi labuluu la timadontho toyera. Duku lapendekeka. Nsapato imodzi."

"Wandiberanso telala! Ndiye poti ine ndavula nsapato, nayenso wavula? Akundinyoza!"

"Sindikuganiza kuti akudziwa chimene akuchita, mayi."

"Ndi wokongola?"

A Makiyi anayang'ana denga, koma padenga panalibe thandizo. "Akamwetulira, inde."

"Panopa?"

"Panopa akuopsa."

"Ehe! Nkhope ya munthu wakuba imaoneka. Ndikuuzeni ine za akazi otere, a Makiyi. Ndi odzionetsera. Paliponse pali anthu, iye ali pomwepo. Pamaliro ali pomwepo, pamsika ali pomwepo, mwina sapatsa ngakhale anzake mpata wolankhula."

"Zimenezo ena amanenadi."

"Mwaona? Ndipo kunyumba ndikhulupirira saphika n'komwe. Angaphike nthawi yanji akungoyendayenda?"

"Abambo akwanu anati anaphunzira kuphika okha."

"Akhaule! Awadyetse mitengo ya mumsewuyo!"

Atanena zimenezo mphamvu zinawathera. Anatsimphina kupita kutsogolo, nadzigwetsa pampando waukulu wa nsalu yoyera uja. A Makiyi anapumira m'mwamba. Mwa zonse za tsikulo, ichi chokha n'chimene chinayenda bwino.

"Musandichotse," anatero mayiwo. "Akabwera mwini wake, adzandikhalire pamiyendo."

"Khalani ndithu."

Kunja galimoto ya zinyalala inadutsa ikulira ngati ng'ombe. Mayi Ndilipo atayambanso kulankhula, mawu awo anali atatsika, ndipo a Makiyi anali asanawamvepo akulankhula chotero.

"Ine maluwa sindinawafunepo, a Makiyi. Mukudziwa inu. Ndinkangoona chinthu chitagwa, n'kuchidzutsa. Ana anga akula akudya mochedwa chifukwa mayi awo ali kumsonkhano wa za ngalande. Mchemwali wanga anandiuza kuti, 'Iwe, tauni siithokoza, udzafa ndi tsache m'manja.' Ndinkamuseka. Lero ndi izi. Mitengo yapita, zimbudzi zapita, bambo apita. Ndikatuluka muno ndikalongedza, ndizipita kwa mwana wanga wamkazi. Wina azikwirira maenjewo."

A Makiyi mtima unawawawa. Dzinalo linafika pamlomo penipeni, analiluma ndi mano. Anakoka mpando, nakhala moyang'anana ndi mayiwo, makiyi akulira m'mimba mwa malaya.

"Mayi, mundilole ndikuuzeni chimene mlendo ameneyu anandichitira ine."

"Nenani. Mwina chimenechonso n'changa."

"Chaka chija cha mvula yoopsa, mlatho wa kumunsi utakokoloka, mkazi wanga, ali woyembekezera, anayamba kumva kupweteka masiku asanakwane. Ine ndinali kuno, sindinadziwe. Anagwa pakhonde. Anthu ankangoyang'ana pamawindo, poti mvula inali ya matalala. Mayi ameneyu anamubereka kumsana mpaka kumsewu waukulu. Magalimoto ankangodutsa. Ndiye iwo anamukhazika pansi pa mtengo, n'kukaima pakati penipeni pa msewu, manja atatambasula, kutsogolo kwa lole ya simenti."

"Dalaivala wake anatukwana," anatero mayiwo mosaganiza. "Ndinamuuza kuti atukwane akuyendetsa."

"Mwana amene anabadwa tsiku limenelo lero ndi namwino. Wachita kupempha tchuthi kuti adzapereke maluwa."

Mayi Ndilipo anakwinya nkhope. "Koma a Makiyi, apa pokha mwanama. Pamsewu paja panalibe mkazi wina. Ndinali ndekha."

"Eya."

"Ndekhandekha. Ine, mkazi wanu, ndi mvula."

"Eya, mayi."

"Ndiye mlendo wanuyo anali pa..."

Sanamalize. Anayang'ana diresi lawo labuluu la timadontho toyera. Anayang'ana phazi lopanda nsapato. Anakweza dzanja n'kukhudza duku lopendekeka. Kenako anayang'ana mpando umene anakhalapo, mbali iyi ndi iyo, ngati wayamba kutentha.

"A Makiyi."

"Mayi."

"Chitseko chobiriwira."

"Eya."

"Ana akuluakulu. Ndi zidzukulu."

"Eya."

"Ndiye kuti mkazi ameneyu ndi..."

"Ine sindinatchule dzina!" A Makiyi anaimirira, manja m'mwamba. "Mukhale mboni pamaso pa apampando. Dzina silinatuluke pakamwa panga."

Mayiwo misozi inawatsika mbali imodzi, kuseka kukutuluka mbali ina, mpaka anatsamwa. A Makiyi anawapatsa kansalu kopukutira mawindo, poti n'komwe kanali pafupi.

"Chithunzi chija," anatero mayiwo akufwenthera m'kansaluko, "anati mtima wawo uli pamenepo?"

"Anatero."

"Ndi chithunzi chiti? Chija ndaima pafupi ndi njinga?"

"Chomwecho."

"Iii, chija ndinatseka diso limodzi! Sakanasankha china?"

Kunja kunamveka zitseko za magalimoto ndi mawu a anthu ambiri. Wina anagogoda pakhomo lakutsogolo. A Makiyi anayamba kumasula mabatani kusaka makiyi, thukuta lili kamukamu.

"Mayi, chonde, ndagwira mwendo wanu. Akalengeza, mudzidzimuke. Mukapanda kudzidzimuka, ntchito yandithera."

"Musade nkhawa. Ndidzidzimuka bwanji? Chonchi?" Anatong'ola maso, nagwira pachifuwa. "Haa! Ine?"

"Mwachita msanga. Dikirani atchule kaye dzina."

"Chonchi nanga? Mayo ine, abale, sindiyenera!"

"Chepetsani pang'ono. Mukukhala ngati mwaona njoka."

"Ndikomoke?"

"Ayi, palibe wina m'tauni muno wodziwa kutsitsimutsa okomoka koma inu nomwe."

"Zoonadi." Anavala nsapato, nawongola duku, nabwezera maluwa m'malo mwake. A Makiyi anaona kuti imeneyo ndi ntchito, koma anayang'ana kumbali. "Ndipo zija ndanena zija, zoti ndi wodzionetsera, saphika, zithere muno."

"Akandifunsa ndinena, mayi. Bodza sindilitha."

"Palibe amene akufunseni. Komanso ine mkazi ameneyu ndinangomva za mitengo zija, ndinadziwiratu kuti ndi munthu wa mtima wabwino."

"Munati ndi mfiti."

"Tsegulani chitseko, a Makiyi."

A Makiyi analowetsa kiyi pachitseko. Pagalasi anaona gulu la anthu, kutsogolo kuli apampando, pambali pawo nkhalamba yadazi itavala jekete pamwamba pa juzi, ikusaka magalasi m'matumba onse.

"Abambo akwanu ndi awo. Ndikhulupirira chikuni chija sichifunikanso."

"Chifunika," anatero Mayi Ndilipo, akukhala bwino pampando wa ulemu n'kupinda manja. "Akandifotokozera bwino kunyumba. Zaka zonsezi akugona nyumba imodzi ndi munthu wotchuka chonchi, ine osandiuza!"